Mmene mungaphwasulire dziko lamtendere: malangizo ochokera ku Ivory Coast

Pa 4 Disembala 2010, mzinda wa Abidjan unaona apulezidenti awiri akulumbira tsiku limodzi. A Laurent Gbagbo analumbirira kunyumba ya boma. A Alassane Ouattara analumbirira ku Golf Hotel, asilikali a United Nations akulondera pachipata. Aliyense anasankha nduna zake. Pomafika pakati pa Epulo 2011, anthu pafupifupi 3,000 anali atafa.

Dziko silifika pamenepa mwangozi. Pamafunika zaka, pamafunikanso manja ambiri. Malangizo ali m'munsimu ndi a wandale aliyense amene akufuna kufikitsa dziko lake pomwepo. Palibe langizo lopeka. Lililonse linatsatidwa ndi anthu odziwika maina, dzuwa likuswa mtengo, ndipo amene analipira ndi alimi, amayi a mumsika ndi ana. Ndawandandalika motsatana kuti aliyense wowaona akuyambika kwawo awazindikire msanga.

1. Yambani anthu akasauka

Munthu wokhuta safunsa kumene mnzake anachokera, choncho musafulumire. Mu ulamuliro wa a Félix Houphouët-Boigny, kuyambira 1960 mpaka 1993, Ivory Coast inkasiririka mu Africa. Koko ndi khofi zinkabweretsa ndalama, ndipo mpaka lero palibe dziko lokolola koko wambiri kuposa ili. Minda ya kunkhalango za kummwera ndi kumadzulo inkafuna olima, ndiye mtsogoleriyo analandira anthu a ku Burkina Faso, Mali ndi Guinea, n'kunena kuti munda ndi wa amene akuulima. Anthu a kumpoto kwa dzikolo, ambiri mwa iwo Asilamu, nawonso anatsikira kummwera. Kalembera wa 1998 anapeza kuti munthu mmodzi mwa anayi alionse sanali nzika, ngakhale ambiri a iwo anabadwira momwemo.

Kenako mtengo wa koko unagwa. Mu 1989 boma linadula pakati mtengo wogulira kwa mlimi, ndipo mu Januwale 1994 ndalama ya CFA inachepetsedwa mphamvu ndi theka. Anyamata ophunzira amene ntchito zinawasowa m'tauni anabwerera kumudzi, n'kupeza minda ya makolo awo ili m'manja mwa obwera.

Ino ndiyo nthawi yanu. Mnyamata woteroyo ali ndi funso lomveka: chuma chapita kuti? Yankho loona ndi lalitali. Limatchula misika ya ku London ndi New York, ngongole za boma, ndi akuluakulu amene anadya ndalama za koko mtengo uli wabwino. Musamupatse yankho limenelo. Mulozereni munthu amene akulima kuseri kwa nyumba ya agogo ake.

2. Gawani nzika pawiri: zenizeni ndi zokayikitsa

A Houphouët-Boigny atamwalira mu Disembala 1993, mpando unapita kwa a Henri Konan Bédié, omwe anali mkulu wa nyumba ya malamulo. Munthu amene ankawasowetsa tulo anali a Ouattara, nduna yaikulu kuyambira 1990 mpaka 1993, Msilamu wa kumpoto amene anagwirapo ntchito ku IMF. Boma la a Bédié linayamba kulalikira chiphunzitso chotchedwa ivoirité, chofunsa kuti mwana weniweni wa dzikolo ndani.

Funsoli limakugwirirani ntchito chifukwa malire a atsamunda anadula mitundu pakati. Maina monga Traoré, Coulibaly ndi Koné amapezeka kumpoto kwa Ivory Coast, amapezekanso ku Mali ndi ku Burkina Faso. Mukangoti dzina lotere n'lokayikitsa, mwasandutsa chigawo chonse kukhala cha alendo popanda kusamutsa munthu. Zotsalazo apolisi amaliza okha. Pamarodibuloko anthu a maina a kumpoto ankalandidwa zitupa za unzika, ena kuwang'ambira akuona, n'kuwauza kuti akadule chiphaso cha alendo. Chiphasocho chinakhazikitsidwa a Ouattara eni ake ali nduna yaikulu, ndipo patangopita zaka zochepa chinkazunza anthu awo omwe.

Mukatero fikani pa nthaka. Lamulo la 1998 linati mwini munda wa kumudzi akhale nzika basi. Chakumapeto kwa 1999, mkangano wa munda m'dera la Tabou unathamangitsa anthu zikwizikwi ochokera ku Burkina Faso, ena atalima kumeneko zaka zambirimbiri.

3. Lembani lamulo loyeza munthu mmodzi

Musadikire kugonjetsa mdani wanu ndi mavoti. Mutsekereni kunja dzina lake lisanafike pa pepala. Lamulo la zisankho la 1994 linati wofuna upulezidenti akhale wobadwa kwa bambo ndi mayi omwe onse awiri anabadwa ali nzika. Aliyense anadziwa amene ankanenedwa, poti mphekesera inali itafala kale yoti makolo a a Ouattara ndi a ku Burkina Faso. Mu 1995 zipani zikuluzikulu zotsutsa zinanyanyala chisankho, a Bédié n'kupambana ndi mavoti oposa 90 pa 100 alionse.

Pa 24 Disembala 1999 asilikali analanda boma n'kuika General Robert Guéï, amene analonjeza kusesa m'nyumba n'kuchoka. Sanachoke. Ndime yomwe ija inalowa m'malamulo aakulu a dziko a chaka cha 2000, ndipo mu Okutobala bwalo lalikulu linakana anthu 14 mwa 19 ofuna kupikisana, kuphatikizapo a Ouattara ndi a Bédié omwe. Ovota sanakwane 40 pa 100 alionse. A Guéï ataona kuti akugonja kwa a Gbagbo anathetsa bungwe lowerenga mavoti n'kudzitcha opambana. Khamu la anthu linawathamangitsa, a Gbagbo n'kukhala pampando. Otsatira a Ouattara atati chisankho chichitikenso, mitembo 57 ya amuna, ambiri a kumpoto, inapezeka itataidwa ku Yopougon. Asilikali asanu ndi atatu amene anazengedwa mlandu anamasulidwa mu 2001. Ili ndi gawo la langizo lomweli: wanu musamulange, kuti chigawo chinacho chidziwe kuti ku khoti kulibe chake.

Njira imeneyi kuno kwathu si yachilendo. Ku Zambia, boma la a Frederick Chiluba linasintha malamulo mu 1996 kuti a Kenneth Kaunda, omwe analamulira dzikolo zaka 27, asaime chifukwa makolo awo anachokera ku Nyasaland. Ku Zimbabwe, lamulo la unzika la 2001 linachotsa pa kaundula wa ovota anthu ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, chisankho cha 2002 chili pafupi.

4. Mfuti zikalira, aliyense aitane mlendo wake

Pa 19 Seputembala 2002, asilikali oukira boma, ambiri a kumpoto, ena atabisala kaye ku Burkina Faso, anathira nkhondo Abidjan, Bouaké ndi Korhogo nthawi imodzi. Abidjan inawakanika, koma theka lakumpoto la dziko linagwera m'manja mwawo. A Guéï anaphedwa tsiku lomwelo. Oukirawo, omwe mtsogoleri wawo pandale anali a Guillaume Soro, ankati anyamula mfuti chifukwa anamanidwa zitupa za unzika.

Apa musayese kukhala pansi ndi abale anu. Thamangirani kunja. France inali kale ndi asilikali ku Port-Bouët, pafupi ndi bwalo la ndege la Abidjan, ndipo makampani ake ndi amene ankayendetsa magetsi ndi madzi. A Gbagbo anapempha Afalansa kuti alemekeze pangano la chitetezo la 1961. Afalansawo anabwera, naima pakati pa magulu awiriwo, ndipo pamene anaimapo panasanduka malire odula dziko pawiri. Oukira anali ndi kothawira ku Burkina Faso ya a Blaise Compaoré. Mbali zonse ziwiri zinalemba ganyu omenya nkhondo a ku Liberia. Boma linagula ndege za Sukhoi n'kutenga oziyendetsa ku Belarus.

Zokambirana nazonso zitumizeni kunja. Mu Januwale 2003 pangano linasainidwa ku Linas-Marcoussis, kufupi ndi Paris, lopatsa oukira mipando m'boma, ndipo achinyamata a ku Abidjan anayankha ndi zipolowe. Pa 6 Novembala 2004, ndege za boma zinaphulitsa msasa wa Afalansa ku Bouaké, n'kupha asilikali asanu ndi anayi ndi munthu mmodzi wa ku America. France inabwezera pophwanya ndege zankhondo za dzikolo, ndipo patapita masiku ochepa asilikali ake anawombera khamu la anthu pa Hôtel Ivoire. Pangano limene linagwirako ntchito, la ku Ouagadougou mu Malichi 2007, mkhalapakati wake anali a Compaoré omwe aja.

Walira mvula walira matope. Mlendo wobwera ndi mfuti amabweranso ndi zofuna zake. Komabe kwa inu phindu lilipo: kuyambira tsiku limenelo muli ndi chobisalira. Nzika iliyonse yofunsa za ndalama za koko kapena za mitembo ya ku Yopougon mutha kuitcha kapolo wa azungu, ndipo poti azunguwo alipodi ndipo awomberadi anthu, ambiri akukhulupirirani.

5. Chedwetsani chisankho, koma zida musatule

Nthawi ya a Gbagbo inatha mu Okutobala 2005. Chisankho chinasunthidwa kasanu ndi kamodzi, mpaka 2010. Musaganize kuti kuchedwa kotere kumavulaza akuluakulu. Kumpoto, akazembe a oukira ankatolera msonkho wawowawo pa thonje, pa malole ndi pa koko wozembetsedwa. Kummwera, ndalama za koko ndi za padoko zinali m'manja mwa boma losasankhidwanso. Amene ankavutika ndi mwana wa ku Bouaké amene aphunzitsi ndi anamwino ake anathawa nkhondo.

Mkangano wonse muuike pa kaundula wa ovota, chifukwa kumeneko n'kumene funso loti nzika ndani limasanduka manambala. Mu Febuluwale 2010 a Gbagbo anathetsa boma pamodzi ndi bungwe loyendetsa chisankho, ponena kuti wapampando wake, a Robert Beugré Mambé, ankafuna kulowetsa maina oposa 400,000 okayikitsa.

Za kutula zida chitani mwambo wokha. Pa 30 Julayi 2007, a Gbagbo ndi a Soro anatentha mulu wa mfuti pabwalo la zamasewero ku Bouaké, atsogoleri a maiko ena akuonerera. Mfuti zenizeni zinatsala m'misasa. Dziko linapita kukavota lili ndi magulu awiri a nkhondo, ndipo aliyense wopikisana ankadziwa kuti akagonja pa pepala ali ndi kwina kodandaulira.

6. Pa kampeni werengani mitundu

Pa 31 Okutobala 2010 anthu oposa 80 pa 100 alionse olembetsa anakavota, mwabata, ataima pamizere kuyambira mbandakucha. Anthu wamba anali atatopa ndi nkhondo. A Gbagbo anapeza 38 pa 100, a Ouattara 32, a Bédié 25, choncho awiri oyambawo anayenera kupikisananso pa chisankho chachibwereza. Mapu a zotsatira anafanana kwambiri ndi mapu a mitundu: kumpoto kwa a Ouattara, pakati pa dziko pomwe pali Abaoulé kwa a Bédié, kumadzulo ndi mbali yaikulu ya kummwera kwa a Gbagbo.

Chisankho chachibwereza chikamayandikira, nkhani za mtengo wa koko, sukulu ndi zipatala zisiyeni. Nenani kuti mnzanuyo ndi munthu wa alendo. Iyeyo anene kuti inu ndinu wakupha anthu a kwawo. Koposa zonse, uzani otsatira anu kuti kugonja n'kosatheka, kuti zotsatira zilizonse zosiyana ndi zimene mwalonjeza adzazione ngati kuba.

7. Mpira umodzi, oimbira atatu

Ili ndiye langizo lalikulu. Onetsetsani kuti pali maofesi angapo okhala ndi mphamvu pa zotsatira, ndipo iliyonse ikhale ndi mwini wake. Ku Ivory Coast, bungwe la chisankho linali ndi oimira zipani zotsutsa ndi oukira ambiri. Bwalo loona za malamulo aakulu linkatsogoleredwa ndi a Paul Yao N'Dré, mnzawo wa a Gbagbo. Pamwamba pa awiriwa panali nthumwi ya United Nations, a Choi Young-jin, amene andale eni ake anavomera kuti adzatsimikize zotsatira, poti iwo okhaokha sankakhulupirirana.

Anthu anavota pa 28 Novembala. Pa 30 Novembala, mneneri wa bungwe la chisankho akuti ayambe kuwerenga zotsatira, komishonala wa mbali ya a Gbagbo, a Damana Pickass, anamutsomphola mapepala atolankhani akujambula. Masiku atatu amene lamulo linkapereka olengezera zotsatira anatha. Pa 2 Disembala wapampando wa bungwelo, a Youssouf Bakayoko, analengeza kuti a Ouattara apeza 54.1 pa 100, a Gbagbo 45.9. Koma analengezera ku Golf Hotel, likulu la a Ouattara, ali okha popanda makomishonala anzawo, ndipo izi zinapatsa mbali inayo chonena. Mawa lake a Yao N'Dré anafafaniza mavoti a maboma asanu ndi awiri a kumpoto ndi pakati, mavoti oposa theka la miliyoni, ponena kuti oukira anaopseza ovota, n'kulengeza a Gbagbo kuti apambana ndi 51.45 pa 100. A Choi anati opambana ndi a Ouattara.

Taonani pamene panali potulukira. Lamulo la zisankho linkati ngati zolakwika n'zazikulu moti zasintha zotsatira, bwalolo lifafanize chisankho chonse kuti anthu akavotenso. Silinapereke mphamvu yochotsa mavoti a chigawo chimodzi n'kuwerenga otsalawo. Inu potulukira pamenepo patsekeni. Mukatero mwauza anthu amene munawalanda zitupa aja kuti ngakhale atazipeza, voti yawo siwerengedwa.

8. Wailesi ndi achinyamata amalize ntchito

Amkhalapakati adzabwera, alandireni bwino, muwaperekeze chimanjamanja. Ku Abidjan kunafika a Thabo Mbeki, a Raila Odinga, apulezidenti a Benin, Sierra Leone ndi Cape Verde, ndiponso malemu Bingu wa Mutharika, omwe anali wapampando wa African Union. Onse anabwerera osaphula kanthu. Banki yaikulu ya maiko a kumadzulo kwa Africa inatsekera a Gbagbo ndalama, a Ouattara analetsa kutumiza koko kunja, European Union inaika ziletso pa madoko, ndipo mu Febuluwale 2011 mabanki anatseka. Wogwira ntchito wamba anasowa potapa malipiro ake.

Pamenepo tsekulani wailesi. Kanema wa boma, RTI, ankaulutsa usana ndi usiku kuti adani ndi alendo ndi United Nations. A Charles Blé Goudé, mtsogoleri wa achinyamata amene anapatsidwa unduna, anauza anyamata kuti atseke misewu m'madera mwawo n'kumafufuza alendo. Pamarodibuloko amenewo dzina la pachitupa linkatha kuphetsa munthu, ndipo ena anatenthedwa amoyo. Pa 3 Malichi, amayi asanu ndi awiri anawomberedwa ku Abobo akuchita zionetsero opanda chida m'manja. Kumapeto kwa mwezi womwewo, asilikali a mbali ya a Ouattara atalanda tauni ya Duékoué, anthu a mtundu wa Guéré anaphedwa chifukwa choganiziridwa kuti ndi a Gbagbo. Bungwe la Red Cross linati anthu osachepera 800 anafa kumeneko. Anthu oposa 100,000 anathawira ku Liberia.

Pa 11 Epulo 2011, ndege za France ndi za United Nations zitaphulitsa zida zozungulira nyumba yawo, a Gbagbo anagwidwa. Mlandu wa mavoti a nzika za Ivory Coast unagamulidwa ndi mizinga ya alendo. Pambuyo pake asilikali a Malawi anali m'gulu la amene anatumizidwa kukasungitsa bata.

9. Mukapambana, yambiraninso poyamba

Wolakwiridwa dzulo ndi amene angathe kuimitsa zonsezi, choncho ngati ndinu, musaziimitse. A Gbagbo anatumizidwa ku khoti la ICC ku The Hague mu Novembala 2011, a Blé Goudé n'kuwatsatira. Onse awiri anamasulidwa mu Januwale 2019. Wa mbali ya a Ouattara palibe amene anafikako, ndipo akazembe a oukira anakwezedwa maudindo m'gulu lankhondo. A Yao N'Dré omwe aja ndi amene analumbiritsa a Ouattara mu Meyi 2011.

Malamulo aakulu a 2016 anafewetsadi ndime ya makolo ija, koma anagwiritsidwanso ntchito ponena kuti kuwerenga materemu kwayambiranso. Mu 2020 a Ouattara anaima kachitatu. Anthu 40 mwa 44 ofuna kupikisana anakanidwa, otsutsa ananyanyala, ndipo anthu oposa 80 anafa pa zipolowe. Mu 2025 khoti linachotsa a Tidjane Thiam pa kaundula wa ovota pa nkhani ya unzika, a Gbagbo nawo sanaloledwe kuima, ndipo a Ouattara anapambana kachinayi. Munthu amene anatsekeredwa kunja mu 1995 ndi mu 2000 walamulira pa zisankho zimene anzake atsekeredwa kunja.

Kwa inu owerenga

Malangizo ndi amenewa, ndipo palibe limodzi limene wandale angalikwanitse yekha. Amafunika wapolisi wong'amba chitupa, woweruza wogamula mokomera mnzake, mtolankhani wowerenga bodza, mnyamata wotseka msewu, ndi ife omuombera m'manja chifukwa ndi wakwathu. France ndi Burkina Faso zinalowererapo ndithu, ndipo mlandu wawo ulipo, koma zinapeza khomo litatsekulidwa kale ndi eni nyumba.

Ife sitili kutali. Mu 1989 boma la Malawi linalamula aphunzitsi kuti abwerere ku zigawo za kwawo, ndipo kuyambira 1994 mapu a zisankho zathu zambiri akhala akutsata zigawo. Tinaonanso kuti potulukira paja pamagwira ntchito. Pa 3 Febuluwale 2020, oweruza asanu anafafaniza chisankho chonse cha pulezidenti cha Meyi 2019, nalamula kuti dziko lonse likavotenso, ndipo linavotadi pa 23 Juni. Chigamulocho chinachokera ku khoti la m'dziko momwemo, popanda msilikali wachilendo.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Malangizo osavuta kuwakana ndi loyamba ndi lachiwiri, magazi asanakhetsedwe. Wandale akadzaima pamsonkhano n'kuyamba kufunsa kuti uje kwawo n'kuti, makolo ake anachokera kuti, musamuombere m'manja, ngakhale akhale wa mtundu wanu, wa mpingo wanu kapena wa chipani chanu. Mufunseni za feteleza, za mankhwala m'chipatala ndi za ndalama za msonkho wanu, ndipo akakana kuyankha, mumaneni voti.